Amadula Ndisanazione

Chinsapo, Lilongwe
8 Seputembala 2024

Okondedwa bambo ndi mayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino nonse, ndi mbuzi zomwe. Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la ku Chinsapo landilowa mpaka m'makutu. Kalatayi ndapatsira mayi Stelia, poti mtedza umene anabwera nawo kumsika watha ndipo mawa akubwerera kumeneko. Sabata ino ndaimba katatu, koma foni yanu bambo yayambiranso khalidwe lake lija logwira netiweki ya ku Zambia. Ngakhale ikanalowa, mukanangokuwa kuti "Ukuti bwanji?" mpaka mayunitsi anga kutha. Ndagonja, tizingolemberana monga mumafunira.

Nkhani yabwino ndi iyi: miyezi itatu yondiyesa yatha, andilemba ntchito yokhazikika. Chaka chathunthu chija ndinkazungulira m'tauni muno ndi envulopu ya khaki m'khwapa, tsopano envulopuyo yapuma. Bungwe lathu ndi laling'ono, tilipo anthu seveni. Ntchito yanga ndi kupita m'midzi kukaphunzitsa makomiti a chitukuko kutsatira ndalama za kukhonsolo: mjigo uwu unayenera kudya zingati, unadya zingati, nanga zotsalazo zili kuti. Ndimaikonda kwambiri, makamaka ndikaona mayi amene poyamba ankaopa kukweza dzanja akufunsa khansala mafunso mpaka khansalayo kupempha madzi akumwa.

Chonde muwauze anthu a kutchalitchi kuti kuphunzira zandale ku yunivesite si kuphunzira uphungu. Ndamva kuti ena ayamba kale kukutchulani bambo a aphungu, ndipo inu simukukana.

Ndikudziwa kuti mufunsa za malipiro, ndiye ndineneretu. Ndi K420,000 pa mwezi. Papepala imaoneka yonenepa. Koma amadula msonkho, amadula penshoni, amadulanso K40,000 ya ngongole ya sukulu ija, zonsezi ndisanazione. Ndikalipira lendi ndi minibasi, zotsala ndi zoti munthu adye, asambe, aoneke ngati munthu. Sindikudandaula ayi. Mwa anzanga amene tinavala nawo gauni tsiku limodzi, Ruth akugulitsa zitenje zochokera ku Chipata ndipo ndalama amandiposa, amandigulira ndi tchipisi yemwe kuti ndisamuiwale ndikadzakhala nduna. Wina amanyamula chikwama cha mkulu wina wandale, malipiro ake ndi tisheti ndi chakudya cha masana. Ambiri akadali kwa makolo, akudikira. Ine ndimagona tulo tabwino.

Ndatumiza shuga mapaketi awiri, sopo, K30,000, ndi cholembera cha inu bambo. Mayi, bondo lija lili bwanji? Mundiuze zoona, osati zija za "likusintha."

Ndine mwana wanu,
Esitele


Kachebere, Mchinji
19 Seputembala 2024

Mwana wanga Esitele,

Moni wochuluka kuchokera kwa ine ndi amayi ako. Kalata tinalandira, shuga tinalandira, ndalama ndinawerenga pamaso pa mayi Stelia ndipo zinakwana. Cholembera chija ndi chimene ndikulembera pano. Uone wekha ngati dzanja la munthu amene anaphunzira kulemba ku sukulu ya kwacha ali ndi imvi likukuchititsa manyazi. Bondo la amayi ako likusintha. Andiuza kuti ndilembe choncho.

Za ntchito ndakondwa kwambiri. Ndinawerenga ndime imeneyo kawiri, kachitatu mokweza kuti aneba amve. Za uphungu, ine sindinauzepo munthu kuti ndiwe phungu. Akamanena ndimangokhala chete, ndipo kukhala chete si bodza. Kutchalitchi tsopano amandisungira benchi ya kutsogolo, ndiye usafulumire kuwakonza.

Kuno kwatentha. Takolola kale nandolo wa m'mphepete mwa munda, ndipo ndayamba kukonza mizere pang'onopang'ono m'mawa dzuwa lisanapse. Mbuzi yamawanga ija yabereka awiri.

Koma pali mawu ena m'kalata yako amene akundisowetsa mtendere. Walemba za ngongole ya sukulu. Ine ndinkadziwa kuti boma likukulipirira. Mapepala aja unabwera nawo chaka chimene unkapita ku Zomba, ndinkati ndi a thandizo. Mwina unandifotokozera, sindikukana, koma tsiku limenelo mutu wanga unali wodzaza ndi chimwemwe, ndinasaina osawerenga. Walembanso kuti amadula usanazione. Mawu amenewo ine ndi amayi ako timawadziwa. Tinachoka kwathu ku Phalombe pa lole mu 1998 kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya ku Chiosya, ndipo tinawamva chaka ndi chaka, zaka khumi ndi zinayi.

Ndiye undiyankhe mafunso awa, lililonse palokha, usalumphe. Ngongoleyo yonse ndi zingati? Buku lake amasunga ndani? Amadula ndani, iwe mwini kapena bwana wako? Idzatha liti? Ndipo ukafuna kusiya ntchito pamenepo, chimachitika n'chiyani?

Udye mokwanira. Pachithunzi chimene anationetsa mayi Stelia ukuoneka khosi lalitali.

Ndine bambo ako,
Zakeyu


Chinsapo, Lilongwe
29 Seputembala 2024

Okondedwa bambo,

Moni kwa inu ndi mayi. Dzanja lanu silikundichititsa manyazi ayi, likuposa la bwana wanga amene ali ndi madigiri awiri. Mafunso anu ndawaseka, chifukwa ndi ofanana ndi amene ndimaphunzitsa makomiti kufunsa. Mukanakhala pafupi ndikanakulembani ganyu.

Ndikulemba mothamanga, ndili ndi lipoti loti ndimalize, koma ndiyankha lililonse palokha monga mwalamula. Yonse inali K2,600,000 ndi kanthu pamwamba, fizi ndi ya chakudya ya zaka zinayi. Buku amasunga a bungwe lobwereketsa ophunzira, mu kompyuta yawo. Amadula ndi akawuntanti wa kuntchito kwathu, n'kutumiza okha, ine sindizigwira n'komwe. Kutha kwake mwina zaka sikisi, poti pali kachiwongola dzanja. Ndikasiya ntchito pano, ngongoleyo imanditsata kulikonse kumene ndingapite. Basi, palibe chodabwitsa, anzanga onse amene ali pantchito ndi momwemo.

Ndikudziwa chimene chikukudetsani nkhawa, ngakhale simunachitchule. Mvula yayandikira ndipo mukuganiza kuti ndi kudulidwa konseku sinditha kukuthandizani feteleza. Khazikani mtima pansi. Ndakhala ndikuika padera, ndipo ya thumba limodzi ikwana pakutha pa Okutobala. Lachiwiri tiona mu Disembala.

Pakati pa mwezi wamawa atitumiza ku Nsanje masabata angapo kukaphunzitsa makomiti a kumeneko. Akuti kumatentha moti dzira limapsa lokha m'thumba. Mukapanda kumva za ine musadandaule, makalata azindidikira kwa alandilodi.

Khosi langa ndi lomwe lija, bambo, ndinatengera inu.

Mwana wanu,
Esitele


Kachebere, Mchinji
20 Okutobala 2024

Esitele,

Moni. Tili bwino. Mayankho ako ndawerenga ndipo ndamva. Wayankha mosabisa, zikomo.

Ndalama ya feteleza usatumize, chaka chino sitikumufuna. Ugule nsapato kapena udye nyama. Chimene ndikufuna kwa iwe ndi ichi: undilembere dzina la ofesi imene ili ndi buku lako, msewu wake, ndi nambala imene anakulemba nayo. Ulembe manambala akuluakulu kuti ndisasokoneze.

Usade nkhawa ndi chilichonse. Bambo ako akadali ndi moyo. Pofika Khirisimasi udzakhala mfulu.

Zakeyu


Kachebere, Mchinji
10 Novembala 2024

Esitele mwana wanga,

Ndine amayi ako. Ndikulembera kwa a Stelia, pa tebulo lawo, chifukwa kunyumba abambo ako amawerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo, ngakhale pepala la sopo. Usaseke dzanja langa, ndinalekera Sitandade faifi. Bondo silikusintha, koma lero si nkhani yake.

Abambo ako akugulitsa munda. Ndabwereza kuti umve: akugulitsa munda. Maekala awiri aja tinagula titachoka pa esiteti, ndi ndalama zanga za zitumbuwa ndi zawo zoumba njerwa. Wogula ndi a Gerald, aja ali ndi chigayo ku Kamwendo. Akufuna kulimapo fodya, nazale yawo yakula kale, akungodikira mvula kuti awokere. Agwirizana K2,800,000. Chikole cha K300,000 abambo ako alandira kale, achikulunga mu jumbo n'kuchiika m'thumba la jekete ya kutchalitchi, akuganiza kuti sindikudziwa. Zotsalazo akuti adzapatsana pa 5 Disembala posainirana. Akalandira, akwera minibasi kubwera ku Lilongwe kudzalipira ngongole yako yonse.

Ndinawafunsa kuti nanga tidzadya chiyani. Akuti abwerera ku maganyu. Munthu wa zaka sikisite-thuu, amene akawerama kumanga nsapato amadzuka ndi nyimbo! Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Makutu awo aja ukuwadziwa, amatsekeka bwino kwambiri ndikamalankhula ine. Mawu amene anandiyankha ndi amodzi okha: "Mwana wanga sakhala tenanti ine ndili moyo."

Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbukira bwino mmene zinkayendera. Pa esiteti chilichonse chinali cha m'buku la akapitawo. Ndowa ya chimanga, m'buku. Feteleza, m'buku. Khasu, mchere, ngakhale mankhwala a mutu, m'buku. Mtengo wake sankatiuza. Fodya akapita ku okushoni, bwana ankadula zake tisanaone kanthu, kenako n'kutiuza kuti sizinakwane, zotsala zipita chaka chamawa. Ukati uchoke, ankati malizani kaye ngongole. Tinkafuna kuchoka chaka chachitatu, tinachoka cha khumi ndi zinayi. Ndiye iwe ukulemba kuti buku ali nalo ndi iwo, amadula ndi bwana wako, ndipo ukathawa imakutsata. Abambo ako atawerenga anakhala pakhonde tsiku lonse osadya.

Ine sindikudziwa ngati ngongole yakoyo ndi yofanana ndi ija kapena ayi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti munda ukapita sudzabweranso, ndipo ine ndinatopa kale kugona pa malo a eni. Walekeranji kuyankha kalata yawo ya mwezi watha? Lemba msanga. Usaimbe foni, imakhala m'thumba mwawo.

Amayi ako,
Felista


Chinsapo, Lilongwe
27 Novembala 2024

Bambo,

Ndafika lero masana kuchokera ku Nsanje, ndipo alandilodi andipatsa makalata awiri, yanu ndi ya mayi. Inde, mayi andiuza za munda. Musawakalipire. Mukafuna wokalipira, kalipirani ine amene ndinayankha mafunso anu ngati ndikudzaza fomu, osadzifunsa chifukwa chimene munafunsira. Ndachita manyazi. Ntchito yanga ndi kumvetsera anthu, koma bambo anga omwe sindinawamve.

Ndakwiyanso, ndipo ndalira. Ndinafuna kukwera minibasi nthawi yomweyo, koma ndikukudziwani. Ndikabwera tidzangopokosera pakhonde, inu n'kunena kuti simukumva. Pepala mumalikhulupirira. Ndiye ndathamangira ku ofesi ija asanatseke, andisindikizira tsamba la ngongole yanga, ndaliika m'kalatamu pamodzi ndi mapepala anga a malipiro asanu. Valani magalasi, khalani pansi, muwerenge nokha.

Pa esiteti paja, buku la akapitawo munaliwonapo mkati? Ili ndi buku langa, lili m'manja mwanu. Ndikalifuna ndimapita kukalitenga, palibe amene amandifunsa kuti ndine yani. Onani mzere wa pamwamba, wa Julayi, kenako wa pansi, wa Novembala. Palibe amene amawonjezeramo ndowa ya chimanga kapena khasu ine ndisakudziwa. Za kuchoka, ndinalemba moipa. Ndikhoza kusiya ntchito pano mawa n'kukayamba ina ku Mzuzu, palibe mlonda pageti wondibweza. Ngongole imanditsata, inde, koma imatsata pambuyo, sindiyo imandiuza kokhala.

Ndiponso, bambo, fodya yense munalima zaka zija anapita pa lole, inu n'kutsala ndi manja akuda. Chimene ine ndinagula ndi ngongoleyi chili m'mutu mwanga, palibe lole imene ingachinyamule. Si digiri yolemeretsa munthu, ndavomera, Ruth ndi zitenje zake akhoza kumanga nyumba ine ndikadali pa lendi. Koma ndimadzuka m'mawa ndikufuna kupita kuntchito. Ngongoleyi ndi yanga, ndikuibweza ndekha, ndipo ndikamaona ikudulidwa ndimanyada kuti mwana wa matenanti akulipira sukulu yake ya ku yunivesite.

Tiwerengenso monga alimi. Mukagulitsa munda, K40,000 ija itsala m'thumba mwanga, n'zoona. Kenako ndiyamba kugulira chimanga, ndiwo ndi mtedza anthu awiri amene lero amadzidyetsa okha n'kumanditumiziranso ine. Ngongole ya sukulu itha m'zaka sikisi. Imeneyo idzatha liti? Simundimasula, bambo, mundimanga, ndipo inu ndi mayi mudzabwerera kukagwira m'minda ya anthu. Zimenezo sindingazipirire.

Bwezani chikole cha a Gerald. Ngati mwagwiritsako ntchito, ndalama ya feteleza ija ilipo, tikwaniritsa. Nambala imene munapempha sindikupatsani.

Mayi Stelia akuti anyamuka mawa m'mawa, ndiye pofika Lachisanu mukhala mutawerenga. Pa Khirisimasi ndikubwera, ndipo ndikufuna kudzadya chimanga chachiwisi cha m'munda mwathu mu Febuluwale.

Mwana wanu amene amakukondani ngakhale mumamuvuta,
Esitele


Kachebere, Mchinji
4 Disembala 2024

Esitele,

Ndine amayi ako. Iyi ndapatsira kondakitala wa minibasi, mwana wa a Kefasi a kumphakati kwathu, akuimbira akafika mu depoti. Kalata yako sinafike. A Stelia atangotsika pa boma analandira uthenga wa maliro a mlongo wawo ku Chipata, n'kupitirira konko ndi chikwama chomwe. Anatumiza mawu kuti ali ndi kalata yathu, koma abwera maliro akatha. Ndiye sindikudziwa chimene walemba, ndipo masiku anali kutha.

Mvula inagwa Lachisanu usiku wonse, yeniyeni, yolowa pansi. Loweruka m'mawa abambo ako anapalasa njinga kupita ku Kamwendo kukapangana ndi a Gerald za mboni. Atangokhota pa mtengo wa mango, ine ndinatulutsa mtedza wambewu wonse, wanga ndi umene ndinabwereka, n'kuitana amayi anzanga a mphakati. Anabwera naini. Mizere inali yokonza kale, abambo ako omwewo anaikonza mu Seputembala. Pofika masana munda wonse tinali titabzala, kuyambira kumsewu mpaka kudambo, ndi mbali ya chimanga yomwe, monsemo mtedza wokhawokha. Bondo linatupa ngati dzungu koma sindinalimve.

Dzulo a Gerald anabwera ndi anthu awo kudzayeza poyambira kuwokera. Anapeza ine nditakhala pa mzere woyamba. Ndinawapatsa moni bwinobwino, n'kuwauza kuti pepani, m'mundamu muli mbewu yanga. Iwe ukudziwa, kuno palibe mwamuna amene angafukule mtedza wa mzimayi wobzala kale n'kudzayendanso pamsika mutu uli m'mwamba, makamaka amayi naini ataona. Anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuseka. Si munthu woipa. Anati fodya wawo sangadikire mpaka tikolole mu Meyi, ndiye akayang'ana malo ena, ndipo abambo ako asankhe: kubweza chikole, kapena kudikira chaka chamawa.

Abambo ako sanandikalipire. Bola akanakalipa. Chakudya akudya pang'ono, ndipo za chaka chamawazo sanakane. Ndagula miyezi yokha, mwana wanga, zotsalazo ndi za kalata yakoyo.

Chaka chino tidya mtedza m'mawa, masana ndi madzulo. Ukamabwera usatibweretsere chiponde.

Felista


Kachebere, Mchinji
15 Disembala 2024

Mwana wanga Esitele,

Moni. Tili bwino. Mtedza wa amayi ako wamera wonse, mizere yake yokhotakhota poti ankabzala akuyang'ana kumsewu, koma wamera. Chimanga chachiwisi cha mu Febuluwale chimene ukufunacho ukapemphe kwa aneba.

Kalata yako inafika Lolemba lapitali, itapita kaye kukalira maliro ku Zambia. Ndinavala magalasi, ndinakhala pansi, monga unalamula. Masiku ano ndikulamulidwa ndi akazi awiri. Mapepala aja ndinawayala pa mphasa, ndinaika miyala m'makona kuti asauluke. Mzere wa Julayi walemba K2,610,000. Mzere wa Novembala walemba K2,478,000. Ndinachotsera ndekha ndi cholembera chako chija, kenako ndinabwereza poopa kuti ndalakwitsa. Ndinapitanso nawo kwa aphunzitsi a pa pulayimale kuti aone ngati maso anga akundinamiza. Anati ayi, madala, ikutsika.

Chikole ndabweza Lachinayi. Chinaperewera K15,000 imene ndinadyera m'maulendo a ku Kamwendo, ndiye mwana mmodzi wa mbuzi yamawanga wapita. Ya feteleza yako isunge. A Gerald apeza malo ku Chiosya, tasiyana bwino, anandigulira ndi tiyi yemwe. Munda ulipo, sugulitsidwa chaka chino kapena chamawa. Ndalemba ndi dzanja langa, usunge kalatayi ngati mboni.

Tsopano pali chinthu chimene sindinakuuzepo, ndipo pakamwa sindingathe, ndiye ndilemba. Walemba kuti ndinatsala ndi manja akuda. Si ine ndekha. Mu 2010 akapitawo anandiitana n'kunena kuti ngongole yathu yakula ndipo manja pabanja pathu ndi ochepa. Anatsegula buku, anandifunsa dzina la mwana wanga wamkulu. Ndinalitchula. Unali Sitandade folo, unali utakhala nambala wani temu yoyamba. Nyengo yonse imeneyo sunapite ku sukulu, unkasoka fodya m'chigafa kuyambira m'mawa, madzulo n'kumasanza chifukwa cha fungo la masamba. Amayi ako anakuuza kuti ndalama ya yunifolomu inasowa. Sinasowe. Ndine ndinakupereka. Ndipo chaka chimenecho bwana atadula zake, anati sizinakwanebe.

Ndiye nditawerenga kuti mapepala amene ndinasaina aja anali a ngongole, ndinati ndachitanso kachiwiri, ndalembetsa mwana yemweyo m'buku la anthu. Munda sunandionekere ngati kanthu. Amayi ako akuti ndinapenga. Mwina ndinapengadi, koma tsopano wadziwa chimene chinandipengetsa. Pepa, mwana wanga. Ndachedwa nazo zaka khumi ndi zinayi, koma pepa.

Ngongole yako ndakusiyira, ndi yako monga wanenera, sindiikhudzanso. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mwezi uliwonse akadula, upite ku ofesi ija akusindikizire tsamba, upatsire mayi Stelia. Shuga ukhoza kuiwala, tsambalo usaiwale. Ndakhala ndi ngongole theka la ukulu wanga, koma sindinaionepo ikutsika. Ndikufuna ndiziiona ndi maso anga, mzere ndi mzere, mpaka pa ziro.

Tikudikira pa Khirisimasi. Udzatsike pa siteji ya kutchalitchi, ndidzakhala pomwepo ndi njinga.

Ndine bambo ako,
Zakeyu